Ndikumbitse mjigo pa ploti yanga ku Chingodzi? Yankho kwa mayi wochokera ku Angónia

Funso: Kwathu ndi ku Ulónguè, koma tsopano ndikukhala mumzinda wa Tete, ku Chingodzi, pa ploti ya mamita 20 kwa 30. Pakhomo tilipo anthu asanu ndi atatu. Mpopi sunafike mbali yathu, ndiye timagula madzi a m'zigubu. Aneba awiri anakumbitsa mijigo. Wina madzi ake ndi amchere, winawo umaphwa ikafika Okutobala. Ndasunga ndalama yoti nanenso ndikumbitse. Ndichite bwanji kuti wanga usakhale ngati yawoyo? Nanga ndingamagulitseko madzi kuti ndalama yanga ibwerere?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama ikadali m'manja. Mijigo iwiri ya aneba anuyo musaione ngati tsoka lawo chabe. Yakuuzani kale za nthaka yomwe mwakhalapo, zinthu zomwe ena amazidziwa atalipira kale makina. Musanaitane wokumba aliyense, pitani kwa eni akewo mwaulemu mukafunse zinthu zinayi: mjigo unakumbidwa mamita angati, madzi anawapeza pa mita ya chingati, unakumbidwa mwezi uti, ndipo pampu yake imakoka malita angati pa ola. Ngati pali mijigo ina m'misewu yoyandikana nanu, funsaninso kumeneko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba muchotse m'mutu chithunzi cha kwanu. Ku Angónia mvula imagwa yambiri, pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, ndipo pamwamba pa thanthwe pali nthaka yofumbutuka yomwe imasunga madzi ngati chinkhupule. N'chifukwa chake chitsime cha m'mbali mwa dambo chimatha kusunga mudzi chaka chonse, madzi ake ozizira, osamveka mchere. Mumzinda wa Tete mvula imangopitirira pang'ono mamilimita 600, imagwa miyezi yochepa, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa nokha. Pansi pake nthaka si imodzi. M'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè muli mchenga ndi timiyala tomwe mitsinje inaunjika kwa zaka zosawerengeka. Umenewo ndiwo umasunga madzi ambiri, chifukwa mtsinje umaudyetsa. Nawo madzi a m'mipopi ya mumzindawu amachokera m'mijigo yokumbidwa mu mchenga wotere, monga ku chigwa cha Nhartanda ndi m'mbali mwa Revúbuè. Mukachoka ku mtsinje n'kukwera kumtunda, cha ku Moatize, mumalowa m'miyala yomwe akatswiri amaitcha Karoo, yomwe ija muli malasha. Miyalayi imapereka madzi pang'ono, ndipo kawirikawiri amakhala amchere chifukwa akhalitsa m'menemo akusungunula mchere wa m'miyalayo. Malo ena ndi thanthwe lolimba lakuda, momwe madzi amangopezeka m'ming'alu. Wina akhoza kupeza mng'alu wabwino, mnzake wa kuseri kwa mpanda n'kukumba mamita 60 osapeza kanthu.

Tsono tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ploti yanu ndi masikweya mita 600. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Ndiye mvula ya mamilimita 600 pa ploti yanu ndi malita 360,000 pachaka. Koma m'dera louma ambiri mwa madziwa amathamangira ku mtsinje kapena amatengedwa ndi dzuwa ndi mitengo, olowa mpaka pansi ndi ochepa kwambiri. Tingoyerekeza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo 20, ndiye kuti malita 18,000. Banja lanu, aliyense atagwiritsa ntchito malita 50 patsiku, mlingo womwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limauona kuti ndi wokwanira kumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa, likufuna malita 400 patsiku, omwe ndi 146,000 pachaka. Kumeneko ndi kutunga kasanu ndi katatu kuposa zomwe ploti yanu ingabwezere pansi. Otsalawo mjigo wanu udzawakoka kuchokera pansi pa ploti za anzanu, pansi pa msewu, pansi pa zimbudzi za bairro yonse, kutanthauza dera lanu lonse. Pansi palibe mpanda. Kalembera wa 1997 anapeza anthu pafupifupi 100,000 mumzinda wa Tete, pomwe wa 2017 anapeza oposa 300,000, koma mvula ndi yomwe ija. Sitikunena izi kuti tikuopsezeni. Tikufuna muone kuti mjigo wa m'tauni ndi wosiyana ndi chitsime cha kumudzi: umafunika kuuyeza, kuumata bwino ndi kuupopa mwa mlingo.

Musanakumbe

Lamulo la madzi la Mozambique, Lei 16/91, limati madzi onse, ngakhale a pansi pa nthaka, ndi a boma m'malo mwa anthu onse. Kutunga ndi ndowa pa zosowa za pakhomo n'kwaulere ndipo sikulira chilolezo. Kuboola ndi makina n'kuikamo pampu ndi nkhani ina, ndipo kuli malamulo ake mu Decreto 18/2012. Ofesi yoona za madziwa kuno ndi ARA-Centro, yomwe kale mbali ino inkatchedwa ARA-Zambeze. Fikaniko musanakumbe, akuuzeni mapepala ofunika pa mjigo wa kukula komwe mukufuna. Mufunsenso kwa opereka madzi ngati mapaipi akuyembekezeka kufika mbali yanu posachedwa. Ngati akubwera chaka chamawa, thanki yaikulu ndi kulumikizitsa mpopi zikhoza kukupindulirani kuposa mjigo.

Wokumba akhale ndi alvará, chiphaso cha boma chomulola kugwira ntchitoyi, ndipo mugwirizane polemba. Pepalalo linene mtengo wa mita iliyonse, kukula kwa dzenje, mtundu wa mapaipi, mamita omwe adzamatidwe ndi simenti, maola oyesa kupopa, komanso chomwe chidzachitike mjigo ukapezeka wouma kapena wamchere. Mfundo yomalizayi ndi yomwe imadanitsa anthu kwambiri, choncho ilembedwe momveka. Za malo okumba, makina oyeza nthaka ndi magetsi amathandiza kupeza ming'alu ndi kudziwa kuya kwa mchenga, koma salonjeza madzi. Dongo lonyowa ndi madzi amchere zimaoneka mofanana pa makinawo, ndiye woyezayo ayenera kukhala wodziwa miyala ya kuno. Oyenda ndi kamtengo kapena waya m'manja musawadalire pa ndalama yochuluka chonchi.

Nthawi yabwino yokumba, kapena yoyesa mjigo, ndi Seputembala mpaka Novembala, madzi a pansi ali pa mlingo wotsikitsitsa. Paja amati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mjigo wokumbidwa mu Malichi umanamiza: madzi amakhala ali pamwamba, wokumba amaima msanga, pampu imaikidwa pafupi, ndipo Okutobala akafika pampuyo imangokoka mpweya. N'kutheka kuti izi ndi zomwe zinachitikira aneba anu achiwiriwo.

Pali vuto lina lomwe ploti yanu singalithawe. Mlingo womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wakuti mjigo utalikirane ndi chimbudzi mamita 30, ndipo pansi pa dzenje la chimbudzi pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi. Ploti ya 20 kwa 30, kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasa, ndi mamita 36. Mukhoza kutalikirana ndi chimbudzi chanu, koma mudzakhala mwayandikira cha aneba. Komanso m'thanthwe la ming'alu mamita 30 sakwanira, chifukwa madzi oipa amayenda mumng'alu ngati mu paipi, osasefedwa. Yendani ndi chingwe, muyeze zimbudzi ndi maenje a zinyalala onse ozungulira, musankhe malo okwera komanso otalikirana nazo kuposa ena onse. Ndipo maganizo athu ndi awa: mabanja anayi kapena asanu kusonkherana n'kukumba mjigo umodzi wabwino pamalo oyenera n'kwanzeru kuposa mijigo isanu yopanikizana, yolandana madzi, uliwonse pafupi ndi chimbudzi cha mnzake.

Tsiku lokumba mukhalepo

Musatume mwana. Khalanipo nokha kapena munthu wamkulu wodalirika, ndi kope m'manja. Wokumba aziika padera dothi lotuluka pa mita iliyonse kapena mamita awiri aliwonse, timilumilu pamzere, kuti muone pomwe mchenga wathera ndi pomwe thanthwe layambira. Paliponse pomwe madzi atulukire, lembani kuya kwake ndipo ayezedwe mchere ndi kachipangizo ka m'manja komwe wokumba weniweni amayenda nako. Bungwe la WHO limati madzi akapitirira mamiligalamu 1,000 a mchere pa lita amayamba kuvuta kumwa. Pa kachipangizoko mlingo umenewu umaoneka cha m'ma 1,500. Kuyeza kumeneku n'kofunika chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mjigo wakuya ndiye wabwino, ndipo wolipidwa pa mita sangakutsutseni. M'miyala ya Karoo zimatheka kupeza madzi abwino pamwamba, kenaka n'kuboola mpaka pa madzi amchere a pansi, onse n'kusakanikirana. Mukapeza madzi abwino okwanira, onjezani mamita ochepa oti pampu ndi matope zipeze malo, n'kuima. Ngati mwaboola kale pa amchere, pansi pakepo patsekedwe ndi simenti mapaipi asanalowe. Ngati amcherewo ali pamwamba, pamenepo paikidwe paipi yopanda mabowo ndi kumata kunja kwake.

Mapaipi akhale a PVC opangidwira mijigo, olumikiza ndi mazinga, a mamilimita 110 kapena 125. Mapaipi opyapyala a zimbudzi amaphwanyika ndi kulemera kwa nthaka. Gawo lolowera madzi likhale ndi timabowo todulidwa ku fakitale, ta theka la milimita mpaka milimita imodzi, osati tocheka ndi sowo pamalopo, chifukwa totere timakula mosiyana ndipo timalowetsa mchenga. Kunja kwa gawo limeneli kuthiridwe timiyala ta mumtsinje tosalala, totsukidwa, ta mamilimita 2 mpaka 4. Miyala yoswa ya konkire si yoyenera. Mu nthaka ya mchenga dzenje likhale la mamilimita 200 kapena kuposa kuti timiyalato tipeze malo okwanira. Mchenga ukamalowa mu mjigo umadya pampu mkati, ndipo pampu yomwe ikanatha zaka imafa miyezi yochepa.

Tsopano chinthu chomwe timachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ngakhale ndi chotchipa: kumata kumtunda. Pakati pa paipi ndi khoma la dzenje pamatsala mpata. Mpata umenewu ukangokwiriridwa ndi dothi lotuluka m'dzenjemo, umasanduka njira yomwe madzi a mvula, a m'bafa ndi a m'zimbudzi zosefukira amatsikira molunjika mpaka pa madzi omwe mukumwa. Mamita asanu kapena asanu ndi limodzi a pamwamba adzazidwe ndi phala la simenti ndi madzi okha, thumba limodzi la makilogalamu 50 ku malita pafupifupi 25 a madzi. Thumba lotere limapereka malita 40 a phala. Malinga ndi kukula kwa dzenje, pamafunika matumba awiri mpaka anayi basi. Awerengeni ndi maso anu akulowa. M'dera la zimbudzi zambiri, kumata mamita khumi n'kwabwino koposa. Mijigo yambiri yomwe imapezeka ndi tizilombo ta m'chimbudzi, vuto silikhala madzi a pansiwo koma matumba atatu a simenti omwe sanathiridwe.

Paipi itulukire pamwamba pa nthaka theka la mita, ikhale ndi chivundikiro chothina, ndipo mozungulira pawakidwe konkire yotsetsereka kuti madzi asadikhe. Kwa inu a ku Chingodzi pali choonjezera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza Revúbuè mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madzi analowa m'nyumba za m'mbali mwa mtsinjewo. Funsani okhalitsa pamalopo pomwe madzi anafika, ndipo ngati ploti yanu inakhudzidwa, kamwa la mjigo likwezedwe kupitirira pamenepo.

Akamaliza kuika mapaipi, mjigo utsukidwe ndi mpweya wa kompuresa mpaka madzi atayera, opanda mchenga pansi pa ndowa. Zimatenga maola angapo, ndipo wokumba wothamangira ntchito ina amafuna kudula. Musalole.

Kuyesa mjigo ndi kusankha pampu

Madzi omwe amathovoka kompuresa ikuuzira si mlingo weniweni wa mjigo. Mlingo weniweni umadziwika poika pampu yoyesera. Poyamba ayeze pomwe madzi aima asanapope. Kenaka apope pang'ono kwa ola limodzi, aonjezere mphamvu ola lachiwiri, aonjezerenso lachitatu, uku akulemba momwe madzi akutsikira. Akapeza mlingo womwe madzi satsika mothamanga, apope pa mlingo umenewo mosalekeza. Maola 24 ndiwo oyenera, makamaka ngati mukuganiza zogawira ena. Pa nyumba imodzi asachepere asanu ndi atatu. Akazimitsa, ayeze nthawi yomwe madzi akutenga kuti abwerere pomwe anali. Mjigo wobwerera mu ola limodzi kapena awiri ndi wamphamvu. Womwe mpaka m'mawa sunabwerere ukukuuzani kuti nkhokwe yake ndi yaing'ono. Pa nthawi yoyesayi pemphani aneba kuti muyezenso mijigo yawo. Ikatsika pamene wanu ukupopa, dziwani kuti mukumwera m'chikho chimodzi.

Kuyeza malita n'kosavuta, mukhoza kuchita nokha ndi chigubu cha malita 20 ndi wotchi ya pafoni. Chikadzaza pa mphindi imodzi, ndi malita 1,200 pa ola. Pa mphindi imodzi ndi theka, ndi 800. Pampu yogula isapitirire magawo awiri mwa atatu a mlingo woyesedwa. Mjigo wopereka 900 pa ola uikidwe pampu ya 600. Kwa banja lanu imeneyo ikudzazirani madzi a tsiku lonse ola lisanathe. Pampu yaikulu kuposa mjigo imatsitsa madzi mofulumira, imakoka mchenga, imapsa ikayamba kukoka mpweya, ndipo m'dera la mchere imakokera madzi amchere a pansi kapena a m'mbali kubwera mu mjigo. Mchere ukalowa choncho, kuti uchoke pamatenga nthawi yaitali, mwina osachoka n'komwe. Pa mjigo wofooka, kapampu ka sola kokoka pang'onopang'ono tsiku lonse n'kudzaza thanki ndi koyenera kuposa ya magetsi yokoka mwaukali mphindi khumi.

Pampu isakhale moyang'anizana ndi timabowo tolowera madzi, ndiponso isagunde pansi pomwe pamadikha matope. Ikhale ndi chozimitsa madzi akatsika kwambiri, ndipo mu thanki mukhale choyandama chozimitsa ikadzaza. Thanki yosefukira usiku wonse ndi chinthu chomwe chimaoneka kwambiri m'makomo a mijigo, chifukwa mwini wake salandira bilu ndipo samva kuwawa. Pomanga, ikitsaninso zinthu ziwiri zotchipa: mita ya madzi pa paipi yotulukira, ndi kapaipi ka mamilimita 25 kotsika m'mbali mwa paipi ya pampu, kolowetsamo chingwe choyezera.

Kamodzi pa mwezi, m'mawa musanayatse pampu, yezani pomwe madzi ali ndipo mulembe m'kope pamodzi ndi nambala ya pa mita. Choyezera mukhoza kupanga ndi waya wa mitsempha iwiri wosendedwa kunsonga, womangirira kachitsulo kolemera, wolumikiza ku multimeter, kachipangizo koyezera magetsi: nsonga zikakhudza madzi, singano imasuntha. Kope limeneli ndi lomwe lidzakuuzeni matenda a mjigo. Ngati ukuphwa masana koma m'mawa madzi abwerera pomwe amakhala, pampu ndi yaikulu kapena mukupopa nthawi yaitali. Ngati madzi a m'mawa ali pomwe amakhala koma mukangoyatsa akutsika kuposa kale, timabowo tatsekeka ndi dzimbiri kapena matope, mjigo ukufuna kutsukidwa. Koma ngati mlingo wa m'mawa wa Okutobala uno ndi wotsika kuposa wa Okutobala watha, ndipo chaka chinacho watsikanso, ndiye kuti dera lonse likutunga kuposa zomwe mvula ikubwezera. Pamenepo kukumba mozama kumangosamutsira vuto kwa mnzanu wa mjigo waufupi. Mankhwala ake ndi kukhala pansi eni mijigo onse, pamodzi ndi mlembi wa bairro, n'kugwirizana maola opopa ndi malita a tsiku, ndiponso kukaonetsa makope anu ku ARA-Centro.

Madzi oyera m'maso si ndiye kuti ndi abwino

Musanamwe, madzi akayezedwe ku labotale. Botolo la tizilombo mulitenge komweko, lophedwa kale majeremusi, ndipo madziwo afike ali ozizira tsiku lomwelo, makamaka maola asanu ndi limodzi asanathe. Pemphani kuti ayeze E. coli, mtundu wa majeremusi a m'chimbudzi, yomwe siyenera kupezeka ngakhale imodzi mu mamililita 100; nitrate, asapitirire mamiligalamu 50 pa lita; fluoride, asapitirire mamiligalamu 1.5; poizoni wa arsenic, 0.01; komanso mchere, ayironi ndi manganese. Okhala kufupi ndi migodi ya malasha aonjezere mchere wa sulphate ndi pH, womwe ndi mlingo wa asidi m'madzi. Kuyezaku kubwerezedwe chaka chilichonse, makamaka mvula ikangoyamba.

Nitrate timutchule mwapadera, chifukwa saoneka, sanunkha, ndipo m'tauni amachokera m'zimbudzi. Ndi woopsa kwa makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi omwe akumwa mkaka wosungunula ndi madziwo: magazi amalephera kunyamula mpweya bwino, milomo n'kuyamba kuda mobiriwira. Kuwiritsa sikumuchotsa. Kumamuchulukitsa, chifukwa madzi amauluka iye n'kutsala. Chimodzimodzi mchere ndi fluoride, yemwe akachuluka amathimbiriritsa mano a ana. Kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo basi. Ngati nitrate kapena mchere wapitirira, madzi a mjigowo akhale ochapira, osamba ndi a kuchimbudzi, akumwa mupeze kwina. Kumeneko si kulephera: akumwa ndi ophikira ndi gawo laling'ono la malita 400 aja, zigubu zitatu kapena zinayi patsiku.

Ayironi amadziwika msanga. Madzi amatuluka oyera, koma akakhala mu ndowa amafiira, zovala zoyera n'kuthimbirira. Manganese amasiya zakuda. Pa ayironi, madzi agwere mu thanki kuchokera pamwamba mowazika kuti akumane ndi mpweya, adikhe usiku, kenaka adutse mu mgolo wa mchenga wosefa. Klorini muthire pambuyo pa kusefako.

Poona kupanikizana kwa zimbudzi komwe tanena kuja, komanso kolera yemwe amabwerabwera m'chigawo chino nthawi ya mvula, ife tikuti madzi akumwa a mjigo wa m'tauni azithiridwa mankhwala nthawi zonse, ngakhale labotale itati ali bwino. Mankhwala a klorini otchedwa Certeza amapezeka m'misika ndi m'zipatala. Tsatirani mlingo wolembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30, musunge m'chigubu cha kukamwa kochepa chotseka, chosalowetsamo kapu. Mjigo weniweniwo umafuna kutsukidwa ndi klorini wamphamvu ukangomangidwa, pampu ikatulutsidwa n'kubwezeredwa, ndiponso madzi osefukira akaukuta. Paipi ya mamilimita 110 imasunga malita pafupifupi asanu ndi atatu pa mita. Ngati madzi aima mamita 30 mu mjigo, ndi malita 240, ndipo amafuna magalamu pafupifupi 20 a klorini wa ufa wa HTH. Sungunulani mu ndowa, thirani, popani mpaka fungo limveke ku mpopi, zimitsani, musiye usiku wonse. M'mawa popani n'kutaya mpaka fungo litatha. Valani magolovesi, ndipo ufawo usasakanizidwe ndi mankhwala ena aliwonse.

Mpopi wa boma ukadzafika, musadzalumikize mapaipi ake ndi a mjigo. Madzi a mumsewu akachepa mphamvu, a mjigo wanu amabwerera m'mapaipi a anthu onse. Aliyense akhale ndi njira yake, kapena akumane mu thanki, onse akugwera kuchokera pamwamba.

Zogulitsa madzi

N'zotheka, koma musawerengere ndalama imeneyi mjigo usanayesedwe. Zigubu 100 patsiku ndi malita 2,000, kasanu kuposa zomwe banja lanu likufuna. Mjigo wa mu mchenga wa kufupi ndi mtsinje ukhoza kupirira. Wa m'ming'alu kapena wa m'miyala ya Karoo, wofanana ndi ya aneba anuyo, ukhoza kuphwa kapena kusanduka wamchere m'zaka zochepa, inu n'kutaya zonse ziwiri, malonda ndi madzi a pakhomo. Komanso wogulitsa madzi akumwa amafunika chilolezo malinga ndi Decreto 51/2015, ndipo madzi ake ayenera kukwaniritsa miyezo ya unduna wa zaumoyo. Mwana wa mnzanu akatsegula m'mimba ndi madzi omwe munagulitsa, mlandu ndi wanu. Langizo lathu ndi lakuti chaka choyamba mugwiritse ntchito pakhomo pokha, mukuyeza mwezi ndi mwezi. Mukadutsa Okutobala ndi Novembala madzi osatsika modetsa nkhawa, mchere osakwera, ndiye mukatenge chilolezo n'kuyamba ndi mabanja ochepa, mita ikuwerenga.

Dimba nalo muliwerengere. M'chilimwe cha kuno masamba amafuna malita pafupifupi asanu ndi limodzi pa sikweya mita patsiku. Kadimba ka mamita 10 kwa 10 kamamwa malita 600, kuposa anthu onse a pakhomo panu. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, phimbirani ndi udzu, ndipo madzi otsukira ndi osamba apite ku nthochi ndi mapapaya. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya pafupifupi chigubu chathunthu patsiku.

Denga lanu ndi mjigo wachiwiri. La malata la masikweya mita 80, pa mvula ya mamilimita 600, limagwira malita 48,000. Kuchotsa otayika, otsala ndi cha m'ma 38,000, omwe ndi madzi a banja lanu a miyezi itatu, opanda mchere. Ikani ngalande za m'denga ndi thanki yovundikira, ndipo madzi oyamba a mvula iliyonse, otsuka fumbi ndi zitosi, muziwataya. Osefukira mu thanki musawathamangitsire ku msewu. Kumbani dzenje la mita imodzi mbali zonse, kutali ndi chimbudzi ndi maziko a nyumba, mudzaze miyala ndi mchenga pamwamba, kuti alowe pansi pang'onopang'ono. Musawathire mu mjigo mwachindunji, chifukwa akadutsa mu nthaka ndi pamene amasefedwa. Ndipo bwalo lonse musaliwake simenti, siyani malo oti mvula ilowe.

Potsiriza, za mjigo wamchere wa aneba anu. Ngati mcherewo si wambiri, madzi ake akhoza kugwira ntchito ya kuchimbudzi ndi kukolopa, zomwe zingapeputse mijigo ya madzi abwino. Koma ngati ausiya, muwapemphe kuti asausiye pululu, ndipo chitsime chilichonse chakufa m'dera lanu chisasandutsidwe dzala kapena chimbudzi, chifukwa zotayidwamo zimafika pa madzi omwewo amene mjigo wanu udzakoke. Kutseka kwake ndi kotere: atulutse pampu, athire klorini, adzaze timiyala toyera ndi mchenga mpaka pomwe madzi amalekezera, pamwamba pake dongo lotsenderedwa bwino, ndipo mamita atatu kapena kuposa a kumtunda adzaze simenti mpaka pakamwa. Ngati mjigowo unaboola madzi amchere ndi abwino omwe, simentiyo iyambire pansi penipeni, kuti awiriwo asamakumanenso kudzera m'dzenjelo.